Chaco Canyon: Mkangano wa Mafuta ndi Manda a M'chipinda 33

Mu June 2023, Deb Haaland, yemwe panthawiyo anali nduna yoyang'anira malo a boma ku America, analetsa kwa zaka 20 kupereka ziphaso zatsopano zokumba mafuta ndi gasi pamalo a boma osapitirira makilomita 16 kuchokera ku Chaco Canyon, paki yosunga nyumba zakale zamiyala m'chipululu cha New Mexico. Mitundu ya eni nthaka ya Pueblo, komwe Haaland amachokera, inasangalala. Mabanja ena a mtundu wa Navajo omwe amapeza ndalama pobwereketsa minda yawo kumakampani a mafuta anati awadyera masuku pamutu.

Ngakhale dzina la omanga nyumba zamiyalazi limautsa mapiri pachigwa. Dzina lomwe lafala, loti Anasazi, ndi mawu achinavajo. Ambiri amawamasulira kuti "adani akale", ena akuti amangotanthauza makolo a anthu ena. A Hopi, umodzi mwa mitundu ya Pueblo, amati Hisatsinom. Kwa iwo awa si mabwinja a mtundu wotha, koma midzi ya makolo awo.

Chilonda chenicheni chinayamba mu 1896, pamene Richard Wetherill ndi George Pepper anayamba kufukula Pueblo Bonito, chinyumba cha zipinda zoposa 600 chomangidwa pakati pa zaka za 850 ndi 1150. M'kachipinda kamene anakatcha nambala 33 anapezamo mafupa a anthu 14, zitoliro ndi mikanda yambirimbiri ya mwala wa turquoise. Zonsezo anazitumiza ku nyumba yosungira zinthu zakale ya American Museum of Natural History ku New York. Madandaulo atachuluka boma linaimitsa ntchitoyo, kenako linakhazikitsa lamulo loteteza zinthu zakale mu 1906, koma mafupawo sanabwerere. Mu 2017 akatswiri atawapima anapeza kuti anthu 9 mwa iwo anali a mbumba imodzi, ulamuliro ukutsata kuchikazi. Zotsatirazo n'zodalirika ndithu, koma eni maliro sanafunsidwe.

Wopita kumeneko akonzeke. Chigawo chomaliza cha msewu n'chafumbi, ndipo mvula ikagwa galimoto imatitimira. M'pakimo mulibe malo ogulira chakudya kapena petulo. Kukwera pamakoma n'koletsedwa, pakuti anamangira dothi lomwe limagumuka msanga, ndipo phale la mbiya mukaliona lisiyeni pomwepo. Phiri la Fajada Butte analitseka miyala yake yolozera nyengo potsata dzuwa itasuntha, mapazi a alendo atakokolola nthaka ya pansi pake.