Marko 9 ndi mwana wakugwa: Yesu anakalipira ndani?

Sabata yatha titatuluka mu tchalitchi, mayi wina wa ku Chawama anandiimitsa pa geti, mwana wake wa zaka 9 atabisala kumbuyo kwa chitenje, dzanja lili ndi chipsera chachikulu chifukwa anagwera pa mbaula matenda atamugwira. Anati, "Abusa, ndamutengera kwa anthu atatu opemphera, womaliza anandiwerengera Marko 9 ati mzimu sukutuluka chifukwa chikhulupiriro changa n'chochepa. Ndiye kuti vuto ndine?" Ndakhala ndikuphunzitsa Baibulo zaka zambiri koma funso limeneli limandipwetekabe mtima, chifukwa ndime yomwe anamumenya nayo mayiyu ndi yomweyo imene inayenera kumupukuta misozi.

Tsegulani Marko 9:14-29, nkhaniyi ilinso pa Mateyu 17 ndi Luka 9. Yesu akutsika kuphiri ndi Petro, Yakobo ndi Yohane, apeza ophunzira 9 otsala aja ali pa mkangano ndi alembi, khamu litawazungulira. Bambo wina wabwera ndi mwana yemwe mzimu umamugwetsa pansi, amachita thovu, kukukuta mano n'kuuma thupi, ndipo ophunzira ayesa kuutulutsa koma zakanika. Pamenepo Yesu anena mawu ovuta aja a pa vesi 19, m'badwo wosakhulupirira inu, ndidzakhala nanu mpaka liti?

Apa chilankhulo chathu chimatipusitsa pang'ono. Ife timati "inu" kwa munthu mmodzi pomulemekeza, ndiye ukawerenga mofulumira umaganiza kuti Yesu waloza bambo uja chala. Koma m'Chigiriki chimene Marko analembera, "inu" ameneyu ndi wa anthu ambiri, ndipo liwu loti m'badwo likukumbutsa nyimbo ya Mose pa Deuteronomo 32 pomwe mtundu wonse ukutchedwa m'badwo wokhota. Ophunzira alimo, alembi okonda mkangano alimo, khamu lobwera kudzaonerera lilimo. Ndipo ophunzirawo analibe chowiringula chifukwa pa Marko 6:7 anapatsidwa kale ulamuliro pa mizimu yonyansa ndipo vesi 13 ikuti anatulutsadi yambiri. Mwana wodwalayo palibe pomwe akudzudzulidwa, ngakhale vesi imodzi.

Manje bambo uja. Atatopa ndi kulephera kwa ophunzira akuti kwa Yesu, ngati mungathe kuchita kanthu tichitireni chifundo. Yesu akumubwezera mawu ake omwewo, "ngati mungathe?", zonse n'zotheka kwa wokhulupirira. Inde apa bamboyo wakokedwa khutu, sindikana. Koma tamverani yankho lake pa vesi 24, akufuula kuti ndikukhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga. Munthu akuvomereza pagulu kuti mtima wake uli pawiri, theka likugwira theka likutaya, ndipo Yesu sanamuuze kuti pita ukasale masiku 21 ukabwere chikhulupiriro chitakwana, sanamufunse mbewu ya ndalama, anangochiritsa mwanayo basi. Chikhulupiriro chong'ambika chija chinakwana chifukwa chinabwera kwa munthu woyenera. Ndiye munthu amene amauza mayi wotopa kuti mwana wako sakuchira chifukwa cha iwe, wadumpha vesi 24 ndi 25.

Atalowa m'nyumba ophunzira afunsa kuti ife tinalephera bwanji, Yesu akuti mtundu uwu sutuluka ndi china chilichonse koma pemphero. Ena mu Baibulo lanu muli "ndi kusala kudya", ena mulibe, ndipo ndaonapo anthu akukangana pa WhatsApp kuti satana wachotsa mavesi. Nkhani yake ndi iyi: mipukutu iwiri yakale kwambiri ya Chigiriki, Sinaiticus ndi Vaticanus, ya m'zaka za m'ma 300, inalembedwa popanda mawu a kusala pa Marko 9:29, ndipo Mateyu 17:21 yense munalibe, pomwe mipukutu yambiri ya pambuyo pake ili nawo. N'chifukwa chake pa Mabaibulo a Chingerezi, King James ili nawo koma NIV pa Mateyu 17 imachoka pa vesi 20 kupita pa 22. Kusala si koipa, ine ndimasala. Chomwe chimandikhudza ndi choti Marko sanalembe kuti Yesu anapemphera pamenepo asanatulutse mzimu, anangolamula. Ndiye pemphero lomwe akunena, m'mene ine ndimamvera, si mawu apadera okuwa nawo pa maikolofoni, ndi moyo wodalira Mulungu tsiku ndi tsiku, umene ophunzira anayamba kuusiya ataona kuti paja zinatheka kale, tazolowera. Mlandu wagwera atumiki, ife amene timaima kutsogolo.

Tsono funso lomwe aliyense amafunsa, kodi mwanayu anali ndi chiwanda kapena khunyu? Marko akuti mzimu, ndipo ine sindichotsa zimenezo m'malemba. Koma Mateyu 17:15 akugwiritsa ntchito liwu lochokera ku dzina la mwezi, limene anthu a nthawi imeneyo ankatchulira matenda akugwa, ndipo pa Mateyu 4:24 wolemba yemweyo akutchula ogwidwa ndi ziwanda paokha, akhunyu paokha, ofa ziwalo paokha. Ndiye Baibulo lenilenilo siliphunzitsa kuti aliyense wakugwa ali ndi mzimu woipa. Taonaninso momwe Yesu akuchitira pa Marko 9:21, akufunsa bamboyo kuti zinayamba liti, ngati mmene amafunsira ku kiliniki, n'kumvetsera nkhani ya moto ndi madzi mpaka kumapeto.

Khunyu ndi matenda a ubongo. Kuno kwathu nthawi zambiri amabwera pambuyo pa malungo olowa mu ubongo, kuvutika pobadwa, kuvulala m'mutu, kapena tizilombo ta nyongolotsi ya nkhumba tikakafika ku ubongo. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati anthu akhunyu ofika mpaka 70 pa 100 alionse akhoza kusiya kugwa akalandira mankhwala oyenera, monga phenobarbitone kapena carbamazepine, koma amafunika kumwa tsiku lililonse, ndipo kusiya mwadzidzidzi chifukwa wina wanena kuti "wamasulidwa" kungabweretse kugwa koopsa kosalekeza. Ichi ndikunena ndi mtima wonse, abale anga, musataye mapilisi pa guwa. Thovu lija silipatsira munthu matenda, musathawe, musamuike supuni mkamwa, chotsani mbaula ndi mpando pafupi, mugonekeni cham'mbali, zikapitirira mphindi 5 thamangani naye kuchipatala.

Pali vesi ina yomwe sitimailalikira kawirikawiri, Marko 9:26 ndi 27. Mzimu utatuluka mwana anagona ngati wakufa mpaka ambiri anati wamwalira, anthu angoima kuonerera, Yesu ndiye anawerama n'kumugwira dzanja n'kumudzutsa. Luka akuwonjezera kuti anamubwezera kwa bambo ake.

Mayi wa ku Chawama uja tinawerenga naye ndime yonseyi titakhala pa benchi, pang'onopang'ono, atafika pa vesi 24 anaima nati, "Abusa, awa ndi mawu anga." Tinapemphera pomwepo nditagwira dzanja lachipsera lija. Lolemba m'mawa mayi mmodzi wa chigwirizano anawaperekeza ku kiliniki, ndipo mwanayo tamulembanso ku Sande sukulu komwe anasiya kubwera chifukwa anzake ankaopa kukhala naye benchi imodzi.