Matenda oumitsa khosi: zimene achibale amafunsa akafika kuchipatala

Kodi matendawa amayamba bwanji?

Mabakiteriya okhala m'mphuno ndi kukhosi amalowa m'magazi n'kukatupitsa nembanemba zokuta ubongo. Ovuta kwambiri ndi pneumococcus, meningococcus ndi Hib. Amafala pokhosomola komanso pogona mopanikizana.

Tingadziwe bwanji kuti ndi amenewa?

Wamkulu amatentha thupi, mutu umamupweteka koopsa, khosi limauma, amadana ndi kuwala, mwinanso kubwebweta. Khanda ndiye limasokoneza, chifukwa khosi lake silioneka louma kawirikawiri. Onani liwombo ngati latukumuka, kukana bere, kulira kosatonthozeka kapena kukomoka.

Amupeza ndi malungo. Sizokwanira?

Ayi. Kuno kummawa kwa Zambia munthu amatha kukhala ndi malungo m'magazi pomwe chikumudwalitsa ndi china. Coartem sapha mabakiteriyawa. Ngati khosi lauma kapena akusokonezeka, musabwerere kunyumba. Akukiliniki amutumize kuchipatala chachikulu, monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete.

Akuti kutenga madzi a mumsana kumapha kapena kupuwalitsa. Nzoona?

Ayi. Madokotala amatenga madziwa kuti ayeze ngati ndi matendawa, koma mphekesera imeneyi yachedwetsa odwala ambiri. Wodwala amagona chammbali atapinda mawondo, singano imalowa kumunsi kwa msana, kupitirira pomwe mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umathera. Amatenga timadontho tochepa, pomwe thupi la wamkulu limapanga madziwa pafupifupi theka la lita patsiku. Madzi abwino amayera mbee; akakhala a mbuu, nthawi zambiri ndi mabakiteriya. Kulabotale ndiko amasiyanitsa ndi TB kapena cryptococcus (mtundu wa fangasi), zofala mwa omwe ali ndi HIV, zomwe mankhwala ake ndi enanso. Amene amamwalira atatengedwa madziwa kawirikawiri amakhala kuti anafika matenda atakula kale.

Nanga chithandizo chake?

Madokotala sadikira zotsatira za kulabotale. Ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya, amayambidwa pompo kudzera m'mtsempha: wamkulu magalamu 2 maola 12 aliwonse, mwana mamiligalamu 100 pa kilo patsiku. Pneumococcus amafuna masiku 10 mpaka 14. Musamutulutse chifukwa wayamba kudya phala. Akachira, ayezedwe makutu, poti ena amagontha.

Ife apakhomo titani?

Ngati ndi meningococcus, ogona naye nyumba imodzi amapatsidwa mankhwala oteteza, akuluakulu nthawi zambiri ciprofloxacin kamodzi kokha. Onaninso khadi ya sikelo: katemera wa Hib ndi pneumococcus amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14.