BP siitha chifukwa choti mwaikidwa impso

Ambiri akaikidwa impso amaganiza kuti BP yatsalira pa makina otsuka magazi a dayalisisi. Ayi ndithu. Kaya opaleshoni inachitikira ku Charlotte Maxeke kapena ku Wits Donald Gordon muno mu Johannesburg, odwala ambiri amakhalabe ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo likalekereredwa limawononga impso yatsopanoyo mwakachetechete. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ambiri amene amamwalira impso ikugwirabe ntchito amaphedwa ndi mtima kapena sitiroko.

Gwero lalikulu ndi mankhwala omwe aja oletsa thupi kukana impso. Tacrolimus ndi ciclosporin amafinya timitsempha tolowetsa magazi mu impso, n'kuchititsanso thupi kusunga mchere. Prednisone amasungitsa madzi ndi kunenepetsa. Impso zakale, zimene kawirikawiri sazichotsa, nazonso zimatha kumakweza BP. Nthawi zina mtsempha wa impso yatsopanoyo umaning'a pamalo pomwe anausoka, makamaka pakati pa miyezi 3 ndi zaka 2. BP ikamakana kutsika pamene mukumwa mitundu itatu ya mapiritsi, dokotala amaunika mtsemphawo.

Cholinga n'kukhala pansi pa 130/80. Gulani makina oyezera BP a pamkono, osati a padzanja. Khalani pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, osayankhula. Musayeze mkono wa fistula, pamene analumikiza mitsempha kuti muzichitira dayalisisi. Yezani kawiri m'mawa musanamwe mankhwala, kawirinso madzulo, masiku 7 tsiku la kiliniki lisanafike, ndipo lembani m'kabuku.

Madokotala amakonda kuyamba ndi amlodipine, ngakhale amatupitsa mapazi mwa anthu ena. Enalapril kapena losartan amathandiza mkodzo ukamatuluka ndi mapuloteni, koma amakweza potaziyamu, choncho magazi ayezedwe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Musabwereke mapiritsi a BP kwa mnzanu wa m'nyumba: diltiazem ndi verapamil amachulukitsa tacrolimus m'magazi. Chipatso cha grapefruit nachonso chimatero.

Mchere usapose magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika mu polony, atchar, Aromat ndi timakyubu ta supu. Mchere wa potaziyamu si wanu. Mutu ukawawa, pewani Brufen, Voltaren ndi Grand-Pa. Panado ndiye wabwino.

Amene mukukwera basi ya kumudzi mu Disembala, tengani mankhwala okwanira ulendo wonse, owonjezera a masabata awiri, ndi makina oyezera BP aja, m'chikwama cha m'manja osati mu katundu wa m'tirela.