Villa Montalvo: munda wa aliyense wochokera kwa munthu watsankho

M'tauni ya Saratoga, kumunsi kwa mapiri a Santa Cruz m'chigawo cha California ku America, muli malo otchedwa Villa Montalvo, okula maekala 175. Pachipata salipiritsa. Munthu amangolowa, n'kuyenda pakapinga wotambalala kutsogolo kwa chinyumba chakale, kudutsa m'minda yamaluwa, kenaka n'kutsata tinjira tokwera m'nkhalango mpaka pamene chigwa chonse cha Santa Clara chimaonekera. Amene amayendetsa malowa ndi bungwe losafuna phindu la Montalvo Arts Center, lomwe limachititsa zoimbaimba ndi zionetsero, komanso kupatsa aluso pogona kuti agwire ntchito yawo mosadodometsedwa. Zonsezi zikuchitika chifukwa cha wilo ya munthu mmodzi, James Duval Phelan, yemwe dzina lake masiku ano anthu ambiri ku California salitchula monyadira.

Phelan anabadwira m'chuma mu 1861 ku San Francisco. Bambo ake anali ochokera ku Ireland, ndipo anafika ku California nthawi imene anthu ankathamangira golide. Iwo chuma chawo anachipeza pa malonda, kenaka pa banki ndi nyumba. Mwanayo anali meya wa San Francisco kuyambira 1897 mpaka 1902, ndipo chivomezi cha 1906 chitagumula mzindawo, ndi iyeyo amene anatsogolera komiti yoyang'anira ndalama zachithandizo. Ndi iyenso amene analimbikira kuti San Francisco izitenga madzi ku chigwa cha Hetch Hetchy, nkhani imene inamuyambanitsa ndi John Muir ndi anzake oteteza chilengedwe. Mu 1915 analowa m'nyumba ya malamulo ya dziko la America yotchedwa Senate.

Nyumba ya ku Saratoga anayamba kumanga mu 1912 kuti ikhale kopumulira kutali ndi phokoso la mumzinda. Ili ndi zipinda 19, denga la matailosi ofiira, makonde ndi zipilala monga zimakhalira nyumba za m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Mapulani anayamba kujambula ndi William Curlett, ndipo atamwalira anapitiriza mwana wake Alexander pamodzi ndi Charles Gottschalk. Dzina la malowa ndi la mlembi wakale wa ku Spain, Garci Rodríguez de Montalvo, yemwe m'nthano yake munali chilumba chongopeka chotchedwa California. Phelan sanakwatire. M'nyumbamo munkadzaza alendo, alembi, andale ndi akatswiri a masewera, ena mwa iwo mlembi Gertrude Atherton ndi katswiri wa tenesi Helen Wills.

Koma tsono taonani amene ankagwira ntchito m'chigwa chimene alendowo ankachiyang'ana ali pakhonde. Nthawi imeneyo kunalibe makampani a makompyuta amene apangitsa kuti derali lizitchedwa Silicon Valley. Kunali minda ya zipatso yokhayokha, ndipo ambiri mwa olima ndi othyola zipatsozo anali ochokera ku China ndi ku Japan. Anthu amenewa Phelan sankafuna kuwaona. Ali meya ankalimbikitsa kuti lamulo loletsa Matchaina kulowa m'dzikomo lipitirire, ndipo mliri utabuka mu 1900, akuluakulu a mzinda wake anatchinga dera la Chinatown ndi zingwe ngati kuti matendawo anali a mtundu umodzi wokha. Kenaka anatembenukira Ajapani. Anagwirizana ndi lamulo la California la 1913 limene linaletsa obwera ochokera ku Asia kugula minda, n'kuwalola kungobwereka kwa zaka zosapitirira zitatu. Mlimi aliyense akudziwa kuti mtengo wa zipatso sungaubzale pamunda umene uchokepo zaka zitatu zikatha, ndipo olemba lamulolo ankadziwanso zimenezo.

Pofuna kubwereranso ku Senate mu 1920, Phelan sanabise mawu. Mfuu ya kampeni yake inali yakuti California ikhale ya azungu okha. Anagonja kwa Samuel Shortridge, komabe maganizo akewo sanagonje: chaka chomwecho ovota anakhwimitsa lamulo la minda lija, ndipo mu 1924 America inatsekeratu khomo kwa obwera kuchokera ku Japan. Choseketsa mopweteka n'chakuti m'tauni ya Saratoga momwemo, zaka zomwezo, mayi wina wolemera, Isabel Stine, ankamangitsa munda wa Hakone motsanzira minda ya ku Japan. Luso la Ajapani ankalifuna, eni lusowo ndiye ayi.

Phelan anamwalirira ku Montalvo mu Ogasiti 1930. Mu wilo yake analamula kuti bwalo ndi minda zikhale paki yotsegukira anthu, ndipo nyumba zizigwiritsidwa ntchito potukula zojambula, zolembalemba, nyimbo ndi luso la zomangamanga kudzera mwa ophunzira oonetsa tsogolo. Udindo wosunga malowa unapita ku bungwe la San Francisco Art Association, ndipo mu 1939 aluso oyamba anabwera kudzakhala. Ndondomeko imeneyi ndi imodzi mwa zakale kwambiri za mtundu wake ku America.

Kulemba wilo n'kosavuta, koma denga likadontha limafuna ndalama. Bungwe lokhala ku San Francisco linali kutali ndi malowo, ndipo amene anaonetsa chidwi chenicheni anali anthu a m'deramo. Mu 1953 udindo unaperekedwa ku Montalvo Association, gulu la nzika za komweko. Pambuyo pake nthambi yoona za mapaki m'boma la Santa Clara inayamba kuthandiza kusamala nkhalango ndi tinjira, ndipo mu 1978 malowa analembedwa m'kaundula wa dziko wa malo a mbiri yakale. Nyumba yomwe inkasunga magalimoto a mwini malo inasanduka holo ya zisudzo, pomwe bwalo la panja la zoimbaimba linapatsidwa dzina la Lilian Fontaine, mayi wa akatswiri a kanema Olivia de Havilland ndi Joan Fontaine, ana amene anakulira ku Saratoga. Ndalama zoyendetsera zimachokera kwa akufuna kwabwino, ku matikiti a zoimbaimba, ndi kwa amene amabwereka malowa kuchitirapo maukwati.

Kunja kwa mpanda wa Montalvo, dzina la Phelan lakhala likufufutidwa. Mu 2017 yunivesite ya San Francisco inachotsa dzinalo pa nyumba yogona ophunzira n'kuikapo la Burl Toler, wosewera mpira wa chi America wachikuda amene anaphunzira pomwepo. Chaka chotsatira msewu wa Phelan Avenue ku San Francisco unasanduka Frida Kahlo Way, dzina la mayi wojambula wa ku Mexico, ngakhale ena ankatsutsa kuti msewuwo unatchulidwa polemekeza bambo ake, osati mwanayo. Montalvo inapulumuka mkangano wotere chifukwa chakuti mwini wake anaitcha dzina la munthu wina. Ine ndimaona kuti kupulumuka kumeneko n'kwamwayi chabe, pakuti msewu unangobwereka dzina, pomwe kuno malo, nyumba ndi cholinga chomwe n'zochokera m'manja mwake. Amene amati tiyamikire mphatsoyo n'kuiwala zinazo amaiwala kuti munthu ameneyu ankamanga pokhala pake pa maekala ochuluka chonchi nthawi yomweyo imene ankamenyera nkhondo kuti mlimi wachijapani asakhale ndi ekala ngakhale imodzi.

Mu 2004 bungweli linatsegula tinyumba khumi tatsopano m'mbali mwa phiri, pansi pa ndondomeko yotchedwa Lucas Artists Residency. Kanyumba kalikonse kali ndi pogona ndi pogwirira ntchito, ndipo oitanidwa amachokera m'mayiko osiyanasiyana, a ku Asia omwe: ojambula, alembi, opeka nyimbo, ngakhalenso akatswiri ophika.