Kukodza magazi si chizindikiro chakuti mnyamata wakula

Mayi wina wa kufupi ndi Chia anabwera ndi mwana wake wa zaka 17, ndipo asananene n'komwe chimene chinawabweretsa anayamba kumutamanda. "A dokotala, ameneyu ndiye bambo wa pakhomo tsopano. Chitenje ndavalachi anagula ndi iyeyu." Mnyamatayo anayamba kupita kunyanja ali ndi zaka 13, poyamba kukathandiza kukoka khoka, kenako kulowa m'bwato usiku ndi asodzi a usipa. Sopo, mchere, ngakhale foni yake, ankagula yekha. Mayiyo ankanena izi nkhope ikuwala, ndipo ine sindingawadzudzule. Nanenso ndine kholo, ndikudziwa mmene mtima umakomera mwana akasiya kupempha n'kuyamba kubweretsa.

Koma mwanayo mapazi anali otupa, zikhatho zoyera mbee. Nditatsala naye awiri, anandiuza akuyang'ana pansi kuti wakhala akukodza magazi zaka zinayi. Tsiku loyamba anauza amalume ake, iwo n'kuseka: "Ndiye kuti wakula mphwanga, tonsefe tinadzera momwemo."

Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndimawamva kwa anthu a ku Chia, ku Senga Bay, ku Chipoka, ngakhale kwa olima mpunga ku Lifuwu. Mwana wamwamuna alibe msambo. Kuno kunyanja, madontho a magazi otuluka pomaliza kukodza nthawi zambiri ndi likodzo. Tizilombo take timachulukana mu nkhono za m'madzi odekha, m'mabango ndi m'minda ya mpunga, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuwedza kapena kupalira. Si nkhani yolumpha mkodzo wa munthu, si kulodzedwa. Tikakhwima m'mitsempha ya magazi timaikira mazira, ndipo mazirawo ndi amene amabaya chikhodzodzo. Zaka zikamapita mabala amasanduka zipsera, njira zochokera ku impso zimatsekeka, impso n'kuyamba kufa mwakachetechete. Ena zimawafikira kumalo obisika n'kuvutika kubereka, ena zimathera ku khansa ya chikhodzodzo. Choopsa n'chakuti magazi aja amatha kuleka kuoneka pamene matenda akupitirira, banja n'kumati wachira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kudziimira kumene makolo amanyadira ndi kumene kumamuchotsa mwanayu m'maso mwathu. Mankhwala a likodzo akamagawidwa m'sukulu, iye ali panyanja kapena akugona atachezera usiku wonse. Mayi sadziwanso zovala zake zamkati chifukwa amachapa yekha. Ndalama ali nayo, manyazinso ali nawo, ndiye m'malo mobwera kuno amapita kwa ogulitsa makapisozi padoko. Anthu amenewa amamuuza kuti ndi matenda opatsirana pogonana, n'kumupatsa makapisozi awiri ofiira okulunga papepala. Sadamuyeze, sadziwa zimene akugulitsa, ndipo makapisoziwo likodzo saligwira n'komwe. Wathuyu anagula kangapo. Anakafikanso kwa sing'anga amene anamutemera mphini pachinena n'kumupatsa mabotolo a mizu, kwinaku akumulipiritsa ndalama ya usipa wa mwezi wonse.

Pomwe mankhwala enieni, praziquantel, ndi omwa tsiku limodzi basi. Timayeza mkodzo, timamukweza pasikelo, n'kumupatsa 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Ayambe wadya kaye, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire ndi mseru. Kuchipatala cha boma salipira. Mankhwalawa amapha tizilombo koma sachotsa zipsera zimene zakhazikika kale, n'chifukwa chake ndimakalipira ochedwa. Komanso sateteza mawa: amene ntchito yake ndi ya m'madzi adzatenganso, choncho azibwera kudzayezetsa ngakhale asakuona kanthu.

Bambo, amalume, mufunseni mwanayo mwachindunji, pambali, osati pagulu. Sindikunena kuti mumuletse kunyanja. Mumufunse za mkodzo wake ngati mmene mumamufunsira za mtengo wa usipa, ndipo akavomera, mum'perekeze sabata yomweyo.

Mnyamata uja tinamupatsa praziquantel, koma impso zinali zitawonongeka kale moti tinamutumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Pokwera ambulansi anatulutsa ndalama zopindapinda m'thumba la kabudula n'kuwapatsa mayi ake kuti adzagulire chakudya panjira. Mayiyo anazimanga pansonga ya chitenje chomwe chija, n'kutembenukira kwa ine: "A dokotala, bwanji sanandiuze ine?"