Mudzi wa Klopoduwur ndi alimi amene anakana msonkho

Anthu ambiri akamva za midzi ya pa chilumba cha Java, m'dziko la Indonesia, amaganiza za madimba a mpunga obiriwira chaka chonse, odzaza madzi otsika kuchokera m'mapiri ophulika. Klopoduwur si mudzi wotero. Uli m'boma la Blora, m'chigawo chapakati cha Java, kumene nthaka ndi ya miyala ya laimu yosasunga chinyezi, moti chilimwe chikafika pachimake zitsime zimaphwa ndipo minda imang'aluka. Mpunga umadalira mvula, ndipo mlimi akakolola amabzala chimanga kapena chinangwa, kwinaku akuweta ng'ombe imodzi kapena ziwiri zimene ndizo nkhokwe yake pa tsiku la mavuto. Nyumba zakale za kuderali ndi zamatabwa, zambiri zosaikidwa simenti pansi, ndipo matabwawo ndi a mtengo wa jati, umene amalonda a kunja amautcha teak. Mbiri ya mudziwu imayambira pa mtengo umenewu, chifukwa nkhalango ya jati yazungulira minda ya anthu, koma kwa zaka zoposa 150 anthuwo akhala akuuzidwa kuti nkhalangoyo si yawo.

Adatchi, azungu a ku Netherlands amene ankalamulira Java ngati atsamunda, anaukonda mtengo wa jati chifukwa ndi wolimba, sufumbwa msanga ndipo suola m'madzi, kotero unali woyenera kukhomera zombo pa gombe la Rembang, kumpoto kwa Blora. Kwa nthawi yaitali amuna a m'midzi ankagwira thangata yodula mitengoyi ndi kuikoka ndi ng'ombe kapena njati zawo zoweta. Thangatayo itathetsedwa cha m'ma 1865, m'malo mwake munabwera malamulo a zankhalango, kenaka lamulo la malo la 1870 limene linati malo onse amene munthu sangathe kusonyeza umboni wakuti ndi ake ndi a boma. Mlimi wosadziwa kulemba analibe pepala loti aonetse. Munthu amene agogo ake ankatola nkhuni, kudula nsichi ndi kudyetsa ziweto m'nkhalango popanda womufunsa anadzuka tsiku lina ali mbala pamaso pa alonda a boma. Pamwamba pa izi panali msonkho wa munda, msonkho wa mutu ndiponso ntchito zokakamiza monga kukonza misewu ndi kulondera mudzi usiku, ndipo wotolera ndi wolamula zonsezi anali lurah, mfumu ya mudzi, amene malipiro ake anali munda wa mudzi womwe ankaulima ali pa udindo.

Samin Surosentiko anabadwa m'chaka cha 1859 kufupi ndi Randublatung, m'boma lomwelo la Blora. Anali mlimi wokhala ndi munda wake, sanali mmphawi wotheratu, ndipo cha m'ma 1890 anayamba kuphunzitsa anzake ku Klopoduwur ndi m'midzi yoyandikana nayo. Chiphunzitso chake, chimene otsatira ake ankachitcha chipembedzo cha Adamu, chinalibe kachisi kapena mzikiti. Chinkanena kuti munthu asabe, asaname, asachite kaduka, asakangane ndi mnzake, akhale wokhulupirika kwa mkazi mmodzi ndipo adye thukuta lake polima. Malonda ankawakayikira, poona kuti wogulitsa amapeza phindu posanena zoona zonse za katundu wake. Koma mfundo imene inavuta boma inali yakuti nthaka, madzi ndi mitengo ndi za anthu onse, ndiye panalibe chifukwa cholipirira munda umene munthu anasiyiridwa ndi makolo ake, kapena chopemphera chilolezo chodula mtengo umene Mdatchi sanabzale.

Alimiwa sananyamule zikwanje kapena kutentha nyumba ya mzungu aliyense. Ankangokana, ndipo ankakana mofatsa koma mosagwedezeka. Chijava chili ndi kalankhulidwe ka ulemu kotchedwa krama, kamene munthu wamba amayenera kugwiritsa ntchito kwa akuluakulu, ndiponso kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku kotchedwa ngoko. Otsatira Samin ankalankhula ngoko kwa wina aliyense, kuyambira lurah mpaka bwanamkubwa, zimene zinali ngati kuuza mfumu pabwalo kuti "iwe" anthu onse akumva. Ankayankhanso mafunso a akuluakulu motsata mawu enieniwo, mwadala, mpaka wofunsayo kusowa pogwira. Anthu a ku Blora amasimba kuti wolemba ziweto akafunsa kuti m'khola muli ng'ombe zingati, mwini wake ankati ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ngakhale kholalo litadzaza. Wotolera msonkho akalimbikira, ena ankamuuza kuti ndalama angapereke ngati mphatso ya kufuna kwawo, koma osati ngati ngongole, popeza sanakongole kanthu kwa boma. Akawalanda ng'ombe kapena kuwatsekera m'ndende, sankabwezera.

Poyamba akuluakulu a chitsamunda ankaona ngati ndi uchitsiru wa anthu a kumudzi, koma chiphunzitsocho chitafalikira ku Bojonegoro ndi m'maboma ena, iwo anachita mantha. M'chaka cha 1907 kunamveka mphekesera yakuti kukubwera kuukira, ndiponso kuti otsatira ake amulonga Samin kukhala Ratu Adil, mfumu yachilungamo imene Ajava akhala akuiyembekezera m'maulosi awo. Samin anagwidwa chaka chomwecho pamodzi ndi anzake angapo, n'kutumizidwa kutali ku chilumba cha Sumatra, kudera la Padang, kumene anamwalira m'chaka cha 1914. Boma linkayesa kuti mutu ukachoka thupi lidzagwa, koma gululi linalibe ofesi, mndandanda wa mayina kapena thumba la ndalama zoti n'kulanda. Linali m'mabanja, ndipo akamwini ndi ophunzira a Samin analipititsa ku maboma a Pati, Kudus ndi kwina.

Dzina lakuti Samin linasanduka chitonzo pakati pa Ajava ena, kutanthauza munthu wamakani ndi wosatsegula maso, choncho eni ake amakonda kutchedwa Sedulur Sikep. Ufulu wa Indonesia utabwera m'chaka cha 1945, ambiri anayamba kupereka msonkho ponena kuti tsopano dziko likulamulidwa ndi abale awo. Komabe nkhalango sinabwerere kwa alimi, chifukwa inangochoka m'manja mwa Adatchi n'kupita m'manja mwa boma latsopano, limene pambuyo pake linaipereka ku bungwe lake loona za nkhalango la Perhutani. Mabanja ena anapitiriza kukana kutumiza ana kusukulu ndi kukalembetsa ukwati ku boma, ndipo pa nkhani ya sukuluyi sitingawayamikire mwachisawawa, popeza mwana amene sadziwa kuwerenga ndiye amene amasainitsidwa pepala logulitsa munda. Vuto lina linali chitupa cha unzika, chimene chinkalola kulembapo zipembedzo zokhazo zovomerezedwa ndi boma, mpaka m'chaka cha 2017 pamene khoti loona za malamulo aakulu a dziko linalola kuti zikhulupiriro za makolo zizilembedwanso. Lero ku Klopoduwur ana ambiri amapita kusukulu, achinyamata ali ndi njinga zamoto ndi mafoni, ndipo zovala zakuda ndi kansalu ka kumutu zimaoneka kwambiri pa miyambo ndi pamene kwabwera alendo.

Makani akale aja anaonekeranso m'mapiri a Kendeng, kumene makampani a simenti anafuna kukumba miyala ya laimu imene pansi pake pamachokera akasupe othirira minda. A Sedulur Sikep a ku Sukolilo, m'boma la Pati, anali patsogolo pokana, ndipo alimi ena a ku Pati ndi ku Rembang anagwirizana nawo. Mu Epulo 2016 amayi asanu ndi anayi anakhala pansi moyang'anizana ndi nyumba ya pulezidenti ku Jakarta, mapazi awo atawaumbira simenti m'mabokosi amatabwa. Khoti lalikulu linagamula mokomera alimi a ku Rembang chaka chomwecho, koma bwanamkubwa wa chigawo anapatsa kampani ya simenti chilolezo chatsopano kumayambiriro kwa 2017, ndipo alimi anabwereranso ku Jakarta kukaumbira mapazi kachiwiri. Mmodzi wa iwo, mayi Patmi wa ku Pati, anamwalira ndi matenda a mtima mu Malichi 2017, atangomuchotsa simenti kumapazi kuti abwerere kumudzi.