Kuphunzitsa SQL kudzera m'masewera: zomwe zimathandiza ndi zomwe zimapunthwitsa ana

Makolo ambiri kuno ku Johannesburg amangokanda mutu mwana amene akuphunzira IT ku sekondale akamadandaula za SQL. Ichi ndi chilankhulo chofunsira database, kutanthauza matebulo a pakompyuta momwe banki, chipatala kapena sitolo imasungira mayina, mitengo ndi madeti. Chinayambira ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1970, ndipo mawu ake ofunika ndi ochepa: SELECT, FROM, WHERE, ORDER BY, JOIN ndi GROUP BY. Kuwaloweza sikuvuta. Chimene chimavuta n'kudziwa funso loti ufunse, ndipo apa m'pamene masewera amaposa choko ndi bolodi.

Odziwika kwambiri ndi SQL Murder Mystery, opangidwa ndi Knight Lab ya ku Northwestern University ku America. Ndi aulere, amatseguka pa intaneti popanda kuika pulogalamu. Wophunzira amangouzidwa kuti munthu anaphedwa pa 15 Januwale 2018 ku SQL City, basi. Kenako asake yekha m'tebulo la crime_scene_report.

Apa pali misampha iwiri yophunzitsa bwino. Detilo linasungidwa ngati nambala, 20180115, choncho wolemba '15/01/2018' sapeza kanthu. Wolemba city = 'sql city' m'zilembo zing'onozing'ono sapezanso kanthu, chifukwa SQLite, pulogalamu ya database imene masewerawa amagwiritsa ntchito, imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa chizindikiro cha =. Kompyuta simanena kuti walakwitsa, imangobweza tebulo lopanda mzere ngakhale umodzi. Mphunzitsi asafulumire kupereka yankho. Amuuze mwanayo alembe SELECT * FROM crime_scene_report LIMIT 5, aone ndi maso momwe zinthu zinalembedwera m'tebulomo. Chizolowezi choyang'ana kaye musanasefe n'chimene chimasiyanitsa wodziwa ndi woloweza.

Lipoti la apolisi limati mboni imodzi imakhala m'nyumba yomaliza ya mu Northwestern Dr. Palibe amene wamuuza mwanayo kuti agwiritse ntchito ORDER BY address_number DESC, kusanja manambala a nyumba kuyambira yaikulu, koma mawu akuti "yomaliza" amamufikitsa komweko. Aliponso masewera a SQL Island, amene ali ndi matebulo atatu okha, ndipo kwa oyamba kumene ndi abwinopo.

Koma chenjerani ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukopera. Mayankho a masewerawa ali mbwee pa intaneti, ndipo mwana wochenjera akopera dzina la wakuphayo m'kanthawi kochepa. Musapereke malikisi pa dzinalo. Perekani pa mafunso amene walemba, ndipo asanadine batani anene kaye mizere ingati akuyembekezera. Njira imeneyi imagwira msanga vuto la JOIN: mukalumikiza tebulo la mizere 100 ndi la mizere 50 koma osanena chowagwirizanitsa, mumapeza mizere 5,000, chifukwa mzere uliwonse wakwatiwa ndi mzere uliwonse wa tebulo linalo.

Chachiwiri ndi mayeso. Pa matric, phunziro la IT m'masukulu aboma limagwiritsa ntchito Delphi, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndi Microsoft Access, pulogalamu ina ya database, ndipo SQL ya Access ili ndi kalankhulidwe kake. LIMIT 1 siigwira ntchito kumeneko, amalemba SELECT TOP 1, ndipo deti amalitsekera pakati pa zizindikiro za #. Pomaliza chigawo chilichonse cha masewera, mwana alembenso funso lomwelo mu Access, apo ayi adzasokonezeka tsiku la mayeso.

Masewera abwino koposa ndi odzipangira nokha. Pulogalamu yaulere ya DB Browser for SQLite imagwira popanda intaneti, zomwe n'zothandiza data ikatha. Pangani matebulo atatu, la makasitomala, la katundu ndi la madalaivala, lililonse mizere 30 kapena 40, mayina ongopeka. Nkhani ikhale yoti firiji imene inakwezedwa pafupi ndi Park Station sinafike ku Blantyre. Mwana wa Mmalawi aliyense kuno nkhani zotere wazimvapo pakhomo, safunika kumufotokozera. Bisani dala zinthu zingapo: dzina limodzi lilembedwe mitundu iwiri, makasitomala awiri akhale ndi dzina lofanana kuti aone ubwino wa nambala ya ID, ndipo katundu wosafikayo deti lake lofikira likhale lopanda kanthu. Malo opanda kanthu otere SQL imawatcha NULL, ndipo powasaka ambiri adzalemba = NULL n'kupeza tebulo lopanda kanthu, chifukwa NULL safanana ndi chilichonse, ngakhale NULL mnzake. Choyenera ndi IS NULL.

Akhale awiriawiri pakompyuta imodzi, wina azilemba wina azinena funso m'Chichewa, ndipo azisinthana pakatha mphindi 10 zilizonse kuti wachanguyo asalande kiyibodi.